Tsiku Limene Ndinasiya Apongozi Pamsewu wa ku Chembe

Apongozi anga, malemu tsopano, anapita kunyanja kamodzi kokha pa moyo wawo wonse, ndipo amene anawatengera kumeneko ndine. Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pomwepa, anthu n'kuwomba m'manja. Koma pakati pa Namwera ndi nyanjayo pali msewu, ndipo pamsewupo ndinachita zimene ndikufuna kuulula lero.

Zinali m'zaka zija nkhondo ili mkati ku Mozambique, anthu akuwoloka malire atasenza timitolo, ena mwana kumsana wina kumanja. Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale kufupi ndi Namwera, ngakhale kwathu n'ku Ntcheu. Kuseri kwa nyumba yanga ya pasukulu kunkaima kalavani, ija nyumba ya matayala yokokedwa ndi galimoto. Mkati mwake munali bedi, tebulo lopinda, kabati ya mapoto ndi timazenera ta makatani amaluwa. Mwini wake anali mzungu wina amene ankagawa mankhwala kwa othawa nkhondo. Popita kwawo kutchuthi anandisiyira makiyi a kalavaniyo pamodzi ndi a galimoto yake ya bokosi, n'kundiuza kuti ndiziyendetsako pang'ono kuti batire isafe. (Mawu akuti pang'ono aliyense amawamva m'njira yake. Ine ndinawamva kuti mpaka ku Chembe, kuseri kwa Monkey Bay.)

Tchuthi chachikulu chitayamba, apongozi anabwera kudzationa. Mayi amenewa sanandinyozepo, koma sanandiyamikireponso. Mwana wawo wamkulu anakwatiwa ndi munthu wobwera ku Joni, amene anawakhomera malata. Ine zimene ndinali nazo ndi choko ndi Chingelezi. Nditamva akuuza akazi anga, a Nangozo, kuti akalamba osaiona nyanja, ndinati mwayi wanga ndi umenewu. Ana tinawasiya ndi mlongo wanga, ine n'kulengeza kuti tikuyenda masiku anayi.

Laisensi yanga inali isanathe ndi chaka chomwe, ndipo ndinali ndisanakokepo chilichonse, ngakhale ngolo. Ndiye ndinaitana Che Amade. Bambo ameneyu anali wothawa nkhondo wa kufupi ndi Mandimba. Anamanga kanyumba kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Kwawo ankayendetsa malole. Ndinawauza kuti ndikufuna akaone dziko lathu, koma zoona zake n'zakuti ndinkaopa tayala likaphulika. Anavomera msanga kuposa mmene ndinkayembekezera. Chiwongolero sindinawapatse. Apongozi akanandisirira bwanji, woyendetsa ali wina?

Vuto linali la pokhala. Kutsogolo kunali malo a anthu atatu opanikizana mawondo, ndipo kwathu mkamwini sakhala mogundana ndi apongozi, ngakhale kuyang'anana nawo m'maso. Kubokosi kunali matiresi, mbaula, thumba la makala ndi dzuwa. Ndinaweruza kuti apongozi akwere m'kalavani, ndipo ndinafotokoza kuti kumeneko ndi kumene kumakhala olemekezeka. Anakwera atakumbatira kachikwama kawo.

Potsika phiri la Chowe mabuleki anayamba kununkha ngati nsapato yagwera pamoto. Che Amade ananena chapansipansi kuti giya yachiwiri ingathandize. Ndinadikira kaye makona atatu ndisanasinthe, kuti zioneke ngati nzeru zanga.

Pa boma la Mangochi tinawoloka mlatho wa Shire n'kuima pafupi ndi nsanja ya wotchi ndi mzinga wakale uja. Apa ndiye ndinaphunzitsa. Popeza sindikanalankhula ndi apongozi mwachindunji, ndinkauza akazi anga mokweza mawu, iwo ali pafupi nane pomwepo, za azungu oyamba, za sitima zankhondo ndi za malonda a akapolo. Zina ndinkazidziwa, zina ndinkazipanga pomwepo. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa mwana wawo ngati mtsinjewo ndiye nyanja imene tabwerera.

Chimene chinkandinyansa ndi Che Amade. Tikangoima paliponse, kwa Mponda, pamsika wa nsomba, pamalo ogulitsa mphasa za mgwalangwa, bambowo ankasowa. Tinkawapeza atanjuta pakati pa anthu osawadziwa, akulankhula Chiyao motsitsa. Ndinawauza kawiri kuti ulendo uli ndi nthawi yake. Anapepesa kawiri konse, koma poima potsatira anasowanso.

Nyanja yeniyeni tinaifika masana. Apongozi anatsika, anavula nsapato zawo zapulasitiki n'kulowa m'madzi mpaka m'akakolo. Anatunga ndi dzanja, analawa, n'kuima nthawi yaitali akuyang'ana kumene madzi akumana ndi mitambo. Pobwerera kumtunda anauza mwana wawo kuti Mulungu ali ndi njira zake, madzi onsewa kungokhala chabe pamene chimanga chikupserera ku Ntcheu. Ine ndinaona kuti zanga zayamba kuyenda. Tinagona pagombe lina kufupi ndi Monkey Bay, amayi awiriwo m'kalavani, ife amuna pamatiresi panja.

Tsiku lotsatira linali Lachisanu. M'mawa tinamasula kalavani kuti ndikathire petulo m'tauni. Kalavani imalumikizidwa kugalimoto ndi pini, kachitsulo konenepa ngati chala chachikulu, ndipo paliponso tcheni. Pini ija ndinaiika pabampala, n'kuiwala, n'kunyamuka. Mmene ndinkabwera, Che Amade anali atapita kumzikiti kukaswali, ndipo pini inali itagwera kwinakwake pakati pa gombe ndi tauni.

Ndinakwawa mumchenga kufunafuna. A Nangozo atandifunsa chimene ndataya, ndinati ndikutolera ana tizigoba. Munthu wanzeru akanadikira Che Amade. Ine ndinaganiza za nkhope ya apongozi akamva kuti mkamwini wataya chitsulo cha mzungu. Ndinapita kwa msodzi wina amene ankakhoma boti lake, ndinapempha msomali wautali, ndinaulowetsa pamalo a pini n'kuukulunga ndi linya. Tcheni ndinaliponya kubokosi. (Ndinkaganiza kuti ntchito yake n'kuteteza kalavani kwa akuba.)

Che Amade atabwera analunjika kumbuyo kuti akaone polumikizira. Ndinawatsekereza.

"Kwerani, Che Amade, ndaona kale zonse."

"Kungoyang'anako pang'ono, Aphunzitsi."

"Mwatichedwetsa kale ndi mapemphero. Kwerani."

Anandiyang'ana, n'kukwera. Munthu wokhala m'dziko la eni amaphunzira kusatsutsana ndi mwini ulendo, ndipo ine ndinadalira zimenezo. Pa zonse zimene ndinachita tsikulo, apa ndi pamene pamandichititsa manyazi kwambiri.

Msewu wa ku Chembe masiku amenewo unali wafumbi, wa mabampu ogwedeza mano, wokwera ndi kutsika pakati pa mapiri ndi milambe. Kalilole wa mkati ankangoonetsa matiresi, wa pambali ankaonetsa fumbi. Ndinatsegula wailesi. Che Amade, amene anadzuka mbandakucha, anatsamira chitseko n'kugona. Penapake, titadutsa khwawa louma, galimoto inagunda bampu, inalira, kenaka inayamba kuthamanga mopepuka ngati mwana wang'ombe. Zitunda zimene ndinkaziopa ndinazikwera pa giya yachitatu.

"Mukuona, a Nangozo," ndinatero, "galimoto imafuna kuizolowera. Tsopano yandidziwa."

Iwo anavomereza kuti ndikuyendetsa bwino. Ndinayenda choncho nthawi yaitali ndithu, ndikuimba motsatira wailesi.

Titafika pamwamba pa chitunda china, nyanja inaonekera kutsogolo, yobiriwira, zilumba zili tayale. Ndinaimitsa galimoto kuti apongozi asaphonye zimenezi. Ndinatsika, ndinakonza kolala, ndinazungulira kumbuyo nditawerama mwaulemu, maso pansi monga mwa mwambo, manja ndikuwomba pang'onopang'ono.

"Amayi, mukhoza kutsika muone zilumba."

Sanayankhe. Ndinabwerezanso. Kenaka ndinadzutsa maso. Kunali msewu, fumbi likutsika, ndi nyani mmodzi atakhala pamwala.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji manja ali chigwirizanire. Chimene ndikukumbuka ndi mawu a akazi anga kumbuyo kwanga, ofunsa modekha kwambiri kuti amayi awo ali kuti. Ndinathamangira kuchiwongolero kuti nditembenuze galimoto, ndipo chifukwa cha phuma ndinaibweza molunjika m'ngalande. Matayala akumbuyo anazungulira m'malere. Che Amade anayang'ana pansi pake n'kunena kuti popanda amuna asanu ndi mmodzi siituluka.

Mwamwayi panatulukira wogulitsa nsomba wa panjinga, wochokera ku Chembe. A Nangozo anamuimitsa, anatsitsa dengu lake n'kulisiya m'mbali mwa msewu, anakhala pakaliyala. Mwini njinga sanapatsidwe mpata wokana. Asananyamuke, a Nangozo ananditembenukira.

"Pempherani kuti ndikawapeze ali moyo."

Ine ndi Che Amade tinatsatira wapansi. Dzuwa linkaswa mtengo. Ndiulule kuti m'njira monse ndinkalira mokweza, koma ndikakumbukira bwino, zambiri zimene ndinkalira zinali za ine mwini. Ndinkati andimanga, ntchito yatha, banja latha, mzungu ndimuuza chiyani, ku Ntcheu ndikaponda bwanji. Che Amade ankangoyenda, maso ali pa mapazi a matayala. Atatopa nane anati:

"Aphunzitsi, inu mukudziwa kumene mwawasiya. Msewu ndi umodzi, ndipo mukubwerera. Yendani."

Patapita kanthawi anayamba kufotokoza, osandiyang'ana. Anati tsiku limene mudzi wawo unawotchedwa anathawa wapansi kudzera m'tchire, iwo, akazi awo, ana atatu ndi amayi awo, Abiti Saide, amene ankatsimphina mwendo wamanzere. Tsiku lachiwiri anafika pamtsinje. Iwo anali atabereka mwana mmodzi, wina atamunyamula paphewa. Kumbuyo kunkamveka mfuti. Abiti Saide anakhala pansi pamtengo n'kuwauza kuti awolotse kaye ana, adzawatenga pobwera. Atawolotsa ana, asilikali anali atafika kale kutsidya kumene anasiya amayi awo, ndipo anthu amene anali nawo anawagwira kuti asabwerere. Patapita masiku atatu anabwererako okha. Pamtengo paja panalibe munthu, panalibe mtembo, panalibe ngakhale nsalu.

Chichokereni tsiku limenelo ankafunsa aliyense wobwera kumene. Wina anawauza kuti gulu lina la kwawo linatsikira kunyanja kukagwira ntchito kwa asodzi, ndipo mwina munali mayi wotsimphina. Koma wokonza njinga wa ana atatu angafike bwanji kunyanja? N'chifukwa chake anavomera ulendo wanga msanga, ndipo n'zimene ankafunsa paliponse pamene ine ndinkawakalipira kuti akutichedwetsa.

Bambo ameneyu ndinali nditakhala naye moyandikana zaka ziwiri. Ankandikonzera njinga, ana ake ndinkawaphunzitsa. Ndinkadziwa kuti anathawa nkhondo monga mmene munthu umadziwira kuti uje ndi wamtali. Sindinawafunsepo ngakhale tsiku limodzi kuti kwanu munasiya ndani.

Kalavani tinaipeza pafupi ndi khwawa louma lija. Msomali utapindika, mphuno ya kalavaniyo inalima mchenga, inapatuka mumsewu n'kukaima itapendekeka m'zitsamba, pafupi ndi mlambe. Pakanakhala pachitunda, bwenzi ndikulemba nkhani ina. Pamthunzi wa mlambewo panali mphasa, ndipo pamphasapo panakhala apongozi anga, chotupa chili pamphumi pamene poto anawagwera, akumwa thobwa m'chipanda. Anazunguliridwa ndi amayi a m'mudzi wapafupi, amene anamva phokoso ali kotola nkhuni n'kudzawatulutsa. A Nangozo anali atagwada pambali pawo, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Ndinagwada patali. Ndinayamba kupepesa, koma mawu ankatuluka osalumikizana. Apongozi sanandiyang'ane. Anamaliza thobwa lawo, anapukuta pakamwa, n'kuuza mwana wawo kuti:

"Uwafunse bambo a kwanuwa ngati zilumba zija aziona bwino."

Amayi onse aja anaseka mpaka wina anagwira nthiti. Ine ndinangoti zikomo.

Che Amade anapita kukayang'ana polumikizira. Ndinawaona akutola msomali wopindika uja, linya likulendewera. Anauyang'ana, anandiyang'ana, n'kuuika m'thumba la malaya. A Nangozo atafunsa chimene chachitika, iwo anayankha kuti pini yathyoka, zitsulo nazo zimatopa. Ine, mphunzitsi wa ana a anthu, amene Lolemba lililonse ndinkalalikira pamzere za kunena zoona, ndinagwedeza mutu kuvomereza.

Asanapite ndi amuna a m'mudzimo kukatulutsa galimoto, Che Amade ananjuta pafupi ndi amayi aja n'kufunsa funso lawo lija m'Chiyao. Amayiwo anapukusa mitu. Apongozi anafuna kudziwa chimene bamboyo akufunsa, ndipo mayi wina wodziwa zilankhulo zonse ziwiri anawamasulira. Anamvetsera osaphethira. Atamva zonse anaika dzanja pachotupa chija.

Galimoto itabwera, Che Amade anamasula bawuti yonenepa pamalo omangira tayala lapadera n'kuiika m'malo mwa pini, anamanga ndi nati ziwiri, n'kukoleka tcheni lija. Apa m'pamene ndinadziwira ntchito yake. Kenaka apongozi anapereka chigamulo kudzera mwa mwana wawo. Woyendetsa akhala Che Amade. Iwo akhala kutsogolo ndi a Nangozo. Aphunzitsi akwere kumene kumakhala olemekezeka.

Ndinakwera. Abale anga, m'kalavani yoyenda simukhalika. Mumatentha ngati mu uvuni wa njerwa, mapoto amalira m'kabati, fumbi limalowa pena paliponse, ndipo bampu iliyonse imakuponya kudenga. Ukaitana, palibe amene akumva. Pa mphindi iliyonse ndinkasuzumira pakazenera kuti ndione ngati galimoto ikadali kutsogolo. Mayi wachikulire uja anakhala mmenemo tsiku lathunthu ndi theka, osadandaula ngakhale kamodzi, kuti mkamwini wake asachite manyazi.

Ku Chembe tinafika, zilumba tinaziona, manda a amishoni akale tinawaona. Koma ulendo unali utasintha mwini. Pobwerera apongozi analamula kuti tiziima padoko lililonse. Che Amade ankapita kwa amuna osoka maukonde, apongozi n'kulowera kwa amayi oyanika usipa pamathandala, kumene mwamuna wachilendo sakanafunsa zambiri. Chiyao sankachidziwa, koma dzina analisunga, ndipo kutsimphinako ankachita kuonetsa ndi mwendo wawo. Ine ntchito yanga inali kulondera galimoto. Palibe amene anafunanso kumva za sitima zankhondo.

Padoko lina, kufupi ndi Makawa, anatiuza kuti kuli mayi wachikulire wa ku Mozambique, wovutika kuyenda, amene amasungidwa ndi banja lina la asodzi. Tinapita tonse. Mayiyo anali pakhonde akusankha mpunga. Sanali Abiti Saide. Naye anayang'anitsitsa Che Amade kuyambira kumutu mpaka kumapazi, chifukwa ankadikira mwana wake wamwamuna amene anasiyana naye m'njira. Onse awiri ataona kuti si iwo, Che Amade anakhala pansi pakhondepo, ndipo anacheza pafupifupi ola lathunthu, akutchulirana mayina a midzi ndi mitsinje. Apongozi anakhala nawo, akuthandiza kusankha mpunga. Palibe amene anayang'ana wotchi, ngakhale ine.

Tinabwerera ku Namwera osawapeza amayiwo. Mzungu atabwera anaona kuphwanyika kwa pakona ya kalavani ndi bawuti yachilendo ija. Ndinamuuza za pini yothyoka, ndipo anapepesa kwambiri kuti anandisiyira chitsulo chotha. Ndinamukhululukira. Apongozi anabwerera ku Ntcheu, ndipo ndinamva kuti nkhani ya ulendowu ankaifotokoza pamaliro ndi pazinkhoswe mpaka ukalamba wawo. Malata a mkamwini wa ku Joni sankatchulidwanso kawirikawiri. Ine ndinatchuka, ngakhale si m'njira imene ndinkafuna.

Nkhondo itatha, malole anabwera kudzatenga anthu obwerera kwawo. Ndinaperekeza Che Amade ndi banja lawo pamalo okwerera. Katundu atakwezedwa, ndinawakokera pambali n'kuwafunsa chimene chinkandivuta zaka zonsezo, kuti bwanji sanandiulule tsiku lija, pamene ndinawakalipira pamaso pa akazi anga n'kuika moyo wa munthu pa msomali.

Anaseka pang'ono, n'kunena kuti:

"Ndinakuonani nkhope pamene munapeza kumbuyo kulibe kanthu. Nkhope imeneyo ndimaidziwa, Aphunzitsi. Sipafunikanso wina wokuuza kuti walakwa."

Anakwera lole, ndipo sindinawaonenso. Kalata imodzi inabwera patapita chaka, yonena kuti afika bwino, ayambanso kuyendetsa, ndipo akufunsabe.

Ndikanakonda kunena kuti kuyambira pamenepo ndinasiya kudzionetsa ngati wodziwa zonse. A Nangozo angakuuzeni zina. Chimene ndinaphunzirako n'chaching'ono: munthu akamachedwa paulendo, ndimayamba ndafunsa chimene akufuna ndisanakalipe. Za msomali zija, apongozi anapita kumanda akukhulupirira kuti pini inathyoka yokha, ndipo akazi anga akukhulupirira zomwezo mpaka lero. Paja iwo maso anayamba kuvuta, sawerenganso zolemba zing'onozing'ono. Amene mumawadziwa, chonde musawawerengere.